Intaneti Ikadula Pakhomo: Kufufuza Gwero la Vuto ndi Kudziwa Woyenera Kulipira Ntchito Yokonza

Unduna uno ukupereka uthengawu kwa alimi, amalonda ndi anthu onse a ku Uraha ndi madera ozungulira, monga Chilumba, Uliwa ndi Hara, m'boma la Karonga. Cholinga chake ndi kufotokoza zomwe zimachititsa kuti intaneti ya pakhomo kapena pa golosale isiye kugwira ntchito, zomwe mwini wake angachite yekha asanaitane mmisiri, komanso nthawi imene ayenera kapena sayenera kulipira ndalama zokonzetsera.

Dera la Uraha limadziwika kunja kwa dziko lino chifukwa cha fupa la nsagwada ya munthu wamakedzana, lotchedwa UR 501, lomwe akatswiri ofukula zakale analipeza kumeneko m'chaka cha 1991. Anthu okhala m'deralo lero amadalira ulimi wa mpunga, chinangwa ndi chimanga, usodzi pa nyanja ya Malawi ndiponso malonda a mumsewu wa M1. Ntchito zonsezi zayamba kudalira intaneti. Mlimi wa mpunga wa Kilombero amatumiza zithunzi za matumba ake kwa wogula wa ku Mzuzu kapena Lilongwe kudzera pa WhatsApp. Wogulitsa usipa amafunsa mitengo asanakweze katundu pa galimoto. Mwana wa sukulu amalembetsa maphunziro ndi kufufuza zotsatira za mayeso. Intaneti ikadula kwa masiku atatu nthawi yokolola, wogula amapita kwa mlimi wina, ndipo bandulo yomwe inagulidwa ndi ndalama zovutikira imatha nthawi yake isanagwiritsidwe ntchito.

Njira yomwe intaneti imadutsa kuti ifike ku Uraha

Munthu wodziwa njira yomwe intaneti imadutsa savutika kuganizira pomwe yadukira. Dziko la Malawi silinachite malire ndi nyanja yaikulu yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imalowa kudzera m'mayiko oyandikana nawo, monga Tanzania ndi Mozambique. Kumeneko n'komwe kumafikira nthambo zikuluzikulu zodutsa pansi pa nyanja ya Indian, monga SEACOM, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy, yomwe inayamba mu 2010. Kuchokera kugombe, uthenga umayenda m'nthambo za faiba zokwiriridwa pansi kapena zomangiriridwa pa mapolo a magetsi mpaka kufika pa nsanja za makampani a mafoni monga Airtel ndi TNM. Nsanjayo ndi imene imatumiza netiweki ku foni kapena ku rauta ya m'nyumba, ndipo rautayo imagawira zipangizo zina kudzera pa Wi-Fi.

M'madera akumidzi ngati Uraha, makomo ambiri omwe ali ndi intaneti amagwiritsa ntchito rauta yolowetsamo simu khadi, kachipangizo ka m'thumba kotchedwa MiFi, kapena foni yomwe imagawira zipangizo zina. Ena, makamaka mabungwe, malo ogona alendo ndi amalonda akuluakulu, ali ndi dishi ya Starlink, kampani yomwe inayamba kupereka intaneti yodzera pa setilaiti m'dziko muno m'chaka cha 2023 italandira chilolezo kuchokera ku bungwe la MACRA. Nthambo za faiba zofika m'nyumba zimapezeka kwambiri m'matauni ndi m'maofesi.

Vuto likhoza kubadwira pena paliponse pa njira imeneyi. Pa 12 May 2024, nthambo za SEACOM ndi EASSy zinaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo m'mayiko a Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Kenya. M'mwezi wa January 2022, namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Kuthimathima kwa magetsi komwe kunatsatira kunakhudzanso nsanja za mafoni, chifukwa nsanja ikasowa magetsi imadalira mabatire, sola kapena jenereta ya dizilo, zomwe nazo zimatha mphamvu. Pa mavuto a mtundu umenewu, palibe chomwe mmisiri angakonze m'nyumba mwanu, ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti akonze akukuberani.

Zoyenera kuchita musanaitane mmisiri

Choyamba, fufuzani ngati vuto lili pa chipangizo chimodzi kapena pa zonse. Ngati foni imodzi yokha ndiyo ikukana pamene ina ikugwira bwino pa rauta yomweyo, ndiye kuti rauta ndi netiweki zili bwino. Zimitsani foniyo n'kuiyatsanso, kenaka onani ngati yalumikizidwa ku Wi-Fi yoyenera ndiponso ngati nambala yachinsinsi inalembedwa molondola. Onaninso tsiku ndi nthawi pa foni kapena kompyuta, pakuti zikalakwika masamba ambiri a pa intaneti amakana kutseguka.

Chachiwiri, onani magetsi. Ngati nyali zonse za rauta zazima, vuto lili pa soketi, pa adaputa kapena pa batire. Lowetsani chipangizo china pa soketi yomweyo kuti mudziwe ngati ikupereka moto. Kwa omwe amagwiritsa ntchito sola, dziwani kuti batire yokalamba imatha kuyatsa babu koma n'kulephera kuyendetsa rauta, makamaka m'bandakucha kapena masiku a mitambo. Chizindikiro chake n'chakuti rauta imayaka n'kuzima yokha mobwerezabwereza. Musalowetse adaputa ya chipangizo china musanayerekeze mavoti olembedwa pa adaputayo ndi olembedwa kunsi kwa rauta, popeza mphamvu yopitirira muyeso imaotcha rauta nthawi yomweyo. Dishi ya Starlink imadya magetsi ambiri kuposa rauta wamba, motero imafuna batire ndi inveta zokwanira.

Chachitatu, onani bandulo. Mavuto ambiri omwe anthu amaganiza kuti ndi kuonongeka kwa rauta amakhala kutha kwa bandulo chabe. Bandulo imatha m'njira ziwiri: muyeso wake ukatha, kapena masiku ake akakwana ngakhale muyeso utatsala. Pali mabandulo ena omwe amagwira pa WhatsApp kapena Facebook pokha, ndipo ena amagwira usiku wokha. Ngati bandulo ikutha msanga mosadziwika bwino, mwina anthu ena akudziwa nambala yachinsinsi ya Wi-Fi yanu, kapena mafoni a m'nyumba akukoka okha mapulogalamu atsopano. Sinthani nambala yachinsinsiyo ndipo muipereke kwa anthu okhawo omwe mwawavomereza.

Chachinayi, zimitsani rauta n'kuiyatsanso. Zulani nthambo ya magetsi, dikirani mphindi imodzi, ibwezereni, kenaka dikirani mphindi zitatu kapena zisanu kuti ilumikizanenso ndi nsanja. Izi zimathandiza chifukwa rauta ndi kakompyuta kakang'ono komwe nthawi zina kamasokonezeka kakagwira ntchito masiku ambiri kosapuma, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November kunyanja kuno. Samalani ndi kabatani kobisika m'kabowo kolembedwa Reset. Kukadina kumafufuta zonse zomwe zinakonzedwa m'rautamo, kuphatikizapo dzina la Wi-Fi ndi nambala yachinsinsi, ndipo mwina mudzafunika kulipira munthu kuti azibwezeretse. Musakadine pokhapokha a kampani atakuuzani kutero.

Chachisanu, yesani simu khadi. Zimitsani rauta, tulutsani simu khadi, ipukuteni ndi kansalu kouma n'kuilowetsa mufoni. Ikagwira intaneti mufoni pamalo omwewo, vuto lili pa rauta. Ikakana, vuto lili pa simu khadiyo, pa bandulo kapena pa netiweki ya m'deralo. Kumbukirani kuti kuyambira m'chaka cha 2018, simu khadi iliyonse m'dziko muno iyenera kulembetsedwa, ndipo yosalembetsedwa kapena yomwe yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatha kutsekedwa. Vuto lotere limathetsedwa ku ofesi ya kampani mutatenga chiphaso chanu cha unzika.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani anzanu oyandikana nawo omwe amagwiritsa ntchito kampani yomweyo. Ngati nawonso alibe netiweki, ndiye kuti nsanja kapena nthambo ndiyo yavuta. Dziwitsani kampani, ndipo musalole wina aliyense kutsegula rauta yanu.

Pomaliza, onani malo omwe mwaika rauta. Malata a denga, makoma a njerwa ndi mapiri a kumadzulo kwa nyanja amafooketsa netiweki. Ikani rauta pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana komwe kuli nsanja, kutali ndi moto wa kukhitchini, chinyezi ndi dzuwa loomba mwachindunji. Kwa omwe ali ndi dishi ya Starlink, onetsetsani kuti nthambi za mango kapena masamba a nthochi sizikuiphimba, ndipo dziwani kuti mvula yamphamvu imatha kudula intaneti kwa kanthawi n'kubwerera yokha. Pulogalamu ya Starlink ya pafoni imaonetsa ngati pali chotchinga. Kwa omwe ali ndi faiba, nyali yofiira yolembedwa LOS imatanthauza kuti kuwala kwa m'nthambo sikukufika. Nthambo ya faiba simangidwa ndi tepi ngati waya wa magetsi, ndipo n'koopsa kuyang'ana kunsonga kwake, choncho siyirani amisiri a kampani.

Kuteteza zipangizo m'nyengo ya mvula

Mphezi ndiponso magetsi obwera mwamphamvu akatha kuthima ndi zina mwa zomwe zimapsereza marauta ndi maadaputa. Mabingu akayamba, zulani rauta ku soketi pamodzi ndi nthambo iliyonse yochokera panja. Magetsi akathima, zimitsani soketi ndipo muyatse pakapita mphindi zingapo atabwera. Kachipangizo koteteza ku magetsi amphamvu n'kotsika mtengo poyerekeza ndi rauta yatsopano. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Kudziwitsa kampani moyenera

Mukayesa zonsezi koma osaphula kanthu, imbani nambala yothandizira makasitomala kapena pitani ku ofesi ya kampani. Makasitomala a Starlink amapereka dandaulo kudzera mu pulogalamu yake ya pafoni. Fotokozani tsiku ndi nthawi yomwe vuto linayamba, mtundu wa nyali zomwe zikuyaka pa rauta, ndi zomwe mwayesa kale. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe m'kope pamodzi ndi tsiku lomwe mwaimba ndi zomwe mwauzidwa. Nambala imeneyi ndi umboni wanu waukulu nkhani ikafika patali. Ngati bandulo yanu yatha masiku pa nthawi yomwe netiweki ya kampani inali yosagwira, muli ndi ufulu wopempha kampaniyo kuti iunike nkhaniyo, ndipo pempholi limamveka bwino likakhala ndi masiku ndi maola olembedwa.

Woyenera kulipira ntchito yokonza

Yankho limadalira zinthu zitatu: pomwe vuto lili, mwini wake wa chipangizo, ndi zomwe zinalembedwa mu mgwirizano womwe munavomera pogula kapena polumikizidwa.

Nsanja, nthambo za mumsewu ndi makina a ku likulu ndi katundu wa kampani. Zikaonongeka, kukonza ndi udindo wa kampaniyo, ndipo ndalama zake zili kale mumtengo wa bandulo kapena malipiro a pamwezi. Palibe chifukwa choti anthu a m'mudzi asonkhe ndalama za dizilo wa jenereta ya pa nsanja, kapena zogulira mafuta a galimoto ya mmisiri wobwera kudzakonza nsanjayo.

Rauta kapena MiFi yomwe munagula ndi yanu. Ikaonongeka yokha nthawi ya waranti isanathe, wogulitsa ayenera kuikonza kapena kuisintha malinga ndi zomwe waranti ikunena, ndipo n'chifukwa chake lisiti ndi bokosi lake ziyenera kusungidwa. Kawirikawiri waranti siteteza chipangizo chomwe chagwa pansi, chalowa madzi, chapsa ndi mphezi kapena chatsegulidwa ndi munthu wosavomerezeka ndi kampani. Wothamangira kwa wokonza mafoni wa pamsika rauta ikadali pa waranti amadzitayira yekha ufulu wokonzeredwa kwaulere. Ngati waranti inatha, yerekezani mtengo wokonzetsera ndi wogulira china, komanso yambani mwayesa adaputa ina yofanana mavoti, popeza nthawi zambiri adaputa ndiyo imapsa rauta ili bwinobwino.

Makampani ena amabwereketsa zipangizo kwa makasitomala a malipiro a pamwezi. Zikatero chipangizocho ndi cha kampani, ndipo mgwirizano umanena zomwe kasitomala amalipira akachiononga kapena kuchitaya. Nthambo za m'kati mwa nyumba zikadulidwa ndi makoswe, khasu kapena amisiri omanga, kawirikawiri wolipira amakhala mwini nyumba.

Kwa anthu a ku Uraha, nkhani ya mtunda ndi yaikulu, chifukwa mmisiri angachokere ku Karonga boma kapena ku Mzuzu. Musanavomere kuti abwere, funsani mafunso awa: Kodi pali malipiro a ulendo? Ndi ndalama zingati? Kodi ndidzalipirabe vuto likapezeka kuti ndi la kampani? Nanga vuto lomweli likabwereranso pakapita sabata imodzi, ndidzalipiranso? Pemphani kuti mayankho abwere molemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Nthawi zina n'kotsika mtengo kunyamula rauta n'kupita nayo ku ofesi ya kampani tsiku lomwe muli ndi ulendo wina wa kutauni.

Mmisiri akafika, muonetseni vutolo ndipo mupemphe kuti akuonetseni chiphaso chake cha ntchito. Akuuzeni chomwe chaonongeka ndi mtengo wake asanayambe kukonza. Chitsulo chilichonse chomwe wachotsa mu chipangizo chanu akusiyireni. Yesani intaneti iye akadali pomwepo. Lipirani ku nambala kapena akaunti ya kampani, osati ku nambala ya munthu payekha, ndipo landirani lisiti yosonyeza dzina la kampani, tsiku, ntchito yomwe yagwiridwa ndi ndalama zomwe mwapereka.

Chenjerani ndi akathyali

Pali anthu omwe amaimba foni n'kumanamizira kuti ndi ogwira ntchito ku kampani ya mafoni. Amanena kuti simu khadi yanu itsekedwa kapena kuti akukonzerani netiweki mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kapenanso mukawauza nambala yanu yachinsinsi. Kampani yoona sifunsa nambala yachinsinsi ya kasitomala, ndipo kukonza intaneti sikukhudzana ndi nambala imeneyo. Dulani foniyo, imbani nokha ku kampani kuti mutsimikize, ndipo kanenenitu ku polisi ngati mwaberedwa.

Amalonda opita ku chipata cha Songwe ndi kutsidya ku Kyela kapena Mbeya asamale pogula marauta kumeneko. Ena amakhala omangidwa kuti azigwira ndi simu khadi ya kampani imodzi ya ku Tanzania, ndipo akafika kuno amakana. Waranti yake nayonso imavuta kuitsata kuchokera kuno. Dziwaninso kuti pafupi ndi malire foni imatha kulumikizana yokha ndi netiweki ya dziko lina, ndipo bandulo ya kuno siigwira pa netiweki imeneyo.

Komwe mungakadandaule

Dandaulo liyambire ku kampani yomwe ikukupatsani intaneti. Ikalephera kukuthandizani, kapena mukaona kuti yankho lake silokhutiritsa, pitani nalo ku bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti potengera lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la chaka cha 2016. Mwa ntchito za bungweli ndi kuteteza ogwiritsa ntchito mauthenga ndi kulandira madandaulo awo. Tengani nambala ya dandaulo, malisiti, mgwirizano ndi mauthenga onse omwe munalemberana ndi kampani.

Ngati nkhani ndi ya wogulitsa amene wakugulitsani chipangizo choonongeka n'kukana kuchisintha, kapena wakulipiritsani ndalama zomwe sanakuuzeni poyamba, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC ndilo loyenera. Bungweli lakhala likuchenjeza amalonda kuti chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichichotsa ufulu wa wogula pa katundu woonongeka. Bungwe loimira ogula la CAMA limaperekanso uphungu pa nkhani zotere. Ngati mukukhulupirira kuti chipangizo chapsa chifukwa cha magetsi a ESCOM, dziwitsani ofesi ya ESCOM mwamsanga ndipo musataye chipangizocho. Madandaulo okhudza magetsi akapanda kuthetsedwa kumeneko amapita ku bungwe la MERA.

Udindo wa anthu a m'dera

Mbali ina ya mavuto a netiweki imadza chifukwa cha umbava ndi kusasamala: kuba mabatire, masola ndi dizilo pa nsanja, kudula nthambo za faiba poganiza kuti muli kopa, kukumba mchenga kapena kulima pamwamba pa nthambo za m'mbali mwa msewu, ndi moto wolusa wa m'tchire. Nthambo ya faiba ili ndi timaulusi ta galasi ndipo ilibe kopa woti munthu n'kugulitsa, koma ikadulidwa imasiya midzi yambiri, zipatala ndi masukulu opanda mauthenga. Kuononga zipangizo zimenezi ndi mlandu. Aliyense woona anthu okayikitsa pa nsanja kapena pa nthambo adziwitse a mfumu, a chitetezo cha m'mudzi kapena polisi.

Unduna ukupempha mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, alangizi a zaulimi, atsogoleri a makopaletivi a mpunga ndi a mipingo kuti afalitse uthengawu pa misonkhano yawo, ndi kuufotokozera m'Chitumbuka kapena m'Chinkhonde kwa omwe angaumve bwino m'zilankhulo zimenezo. Khomo lililonse lomwe lili ndi intaneti lisunge pamalo amodzi lisiti, pepala la waranti, mgwirizano ndi nambala yothandizira makasitomala, kuti vuto likadza zonse zikhale pafupi.